Moni Wosayankhidwa ndi Fupa la Kuseri kwa Khutu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mukuwerenga izi, landirani moni wanga kuchokera kuno ku Chintheche. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda amene anadya fupa la kuseri kwa khutu langa lakumanzere mpaka anatsala pang'ono kulowa mu ubongo. Sindikulemba ngati munthu amene zonse zinamukhalira bwino, ayi. Khutu limenelo linafa ndipo silidzamvanso. Koma ndili moyo, ndipo njira imene Mulungu anadzera pondipulumutsa imandidabwitsa mpaka lero.

Kwathu ndi ku Balaka. Kuno ndinabwera ndi mwamuna wanga atapeza ntchito yophika pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, ndipo nanenso eni lojiyo ananditenga kuti ndizipereka chakudya kwa alendo. Banja silinakhalitse. Bambowo anapeza wina, ananyamuka ulendo wa ku Joni, ndipo sanacheukenso. Ndinatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, Tadala, m'kanyumba ka lendi pakati pa anthu olankhula Chitonga, chinenero chimene ndinkangotolako mawu apa ndi apo. Makolo anga anamwalira kalekale, ndipo abale otsala kumudzi ndi aja okumbuka dzina lako pa maliro pokha. Choncho Tadala analibe wina aliyense padziko lino kupatula ine.

Khutu limeneli linayamba kutuluka mafinya ndili kamtsikana. Kwathu ankati ndi mphenga, mwana amakula nayo n'kutha yokha. Yanga sinathe. Inkauma miyezi ingapo, kenako n'kuyambiranso, ndipo ndinaizolowera monga mmene munthu amazolowerera denga lodontha. M'mawa uliwonse ndinkatsekamo thonje, n'kumanga duku mophimba khutulo. Nthawi zina ndinkapita kuchipatala, ankandipatsa mankhwala odonthezera, zinkachita bwino pang'ono. Zoti khutulo likusiya kumva sindinazizindikire msanga, chifukwa linkafa pang'onopang'ono ndipo linzake linkagwira ntchito ya awiri.

Njira yanga ya ku ntchito inkalowera kumpoto. Nyanja inkakhala kudzanja lamanja, nyumba za anthu kumanzere, cham'kati pang'ono, kuseri kwa minda ya chinangwa ndi mitengo ya mango. Ndinkadutsa m'mawa nditavala yunifomu ya pa loji, ndikuthamangira nthawi, mutu uli pansi. Poweruka ndinkachapa yunifomuyo n'kuitenga m'jumbo, ndipo ndinkabwerera nditavala chitenje changa. Kuno munthu akakuona ukudutsa amafuula ali pakhomo pake kuti, “Timuwoneni!” Iwe umayankha kuti, “Yewu!” Kusayankha moni umenewu ndi chipongwe choposa kutukwana, chifukwa wotukwana ndiye kuti wakuonako.

Ndinayamba kuona kuti anthu akundizizirira. Kutchalitchi amayi ankasuntha ndikakhala pafupi nawo. Pamjigo macheza ankatha ndikangotula ndowa. Ine ndinkati ndi fungo la khutu, ndipo ndinkachita manyazi mpaka ndinayamba kukhala pabenchi lakumbuyo ndekha. Tsiku lina Tadala anabwera kuchokera kusukulu akulira. Anzake anamuthamangitsa pamasewera, amvekere apite akasewere ndi amayi ake, Anyayunifomu. Ndinamufunsa kuti dzina limeneli likutanthauza chiyani. Iye anati anthu akunena kuti ndikavala yunifomu ya azungu pakamwa panga pamatsekeka, sindiyankha moni, koma ndikavala chitenje m'pamene ndimakumbuka kuti ndine munthu.

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinati anthu awa akundinamizira chifukwa ndine wakummwera. Ine amene ndimayankha moni wawo tsiku lililonse poweruka, mpaka kuwomba m'manja, lero ndakhala wamatama? M'mawa ndani amandipatsa moni? Ndinkangomva mafunde basi. Ndinauza Tadala kuti azisewera pakhomo, ndipo ife awiri tinadzitsekera m'moyo wathu.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Chaka chimenecho mafinya anasintha, anayamba kutuluka ndi timagazi, ndipo fungo lake linali loti ngakhale ine mwini wake linkandinyansa. Alendo anayamba kudandaula. Abwana anandiitana mwaulemu ndithu, anandichotsa kopereka chakudya n'kundiika kochapa zovala. Sindinawade, chifukwa nanenso sindikadafuna kudya nsomba yobwera ndi munthu wonunkha chonchi. Kenako kunabwera ululu. Unkayambira mkati mwa khutu n'kuboola mpaka pakati pamutu. Kuseri kwa khutu kunatupa, kunafiira, kunkatentha, ndipo chotupacho chinakankhira khutu kutsogolo moti linkaoneka ngati chogwirira cha kapu. Ndikawerama kuti nditole nsalu, dziko lonse linkazungulira.

Ndinapita kuchipatala chathu chaching'ono. Amene anandiona sanandibisire. Anandipatsa mankhwala, koma anati ichi si chithupsa wamba, ndi fupa limene lagwidwa, ndipo ndikuyenera kupita kuchipatala chachikulu msanga. Anati ndipeze wondiperekeza wokandisamalira, chifukwa ndikakhalitsa kumeneko. Ndinavomera ndi mutu n'kutuluka. Panja ndinakhala pansi pa mtengo ndikudzifunsa kuti wondiperekeza ndimutenga kuti, nanga Tadala ndimusiyira yani. Mudzi wonse panalibe khomo limene ndikadagogoda. Ndinabwerera kunyumba ndi mapilitsi anga, ndikudzinamiza kuti mwina achita chozizwitsa.

Sipanapite nthawi, m'mawa wina ndikumwa tiyi, ndinangoona akutayikira pachifuwa. Tadala anandiyang'ana n'kubwerera m'mbuyo. Nditatenga kagalasi ndinapeza pakamwa panga patakhotera kumanja, tsaya lakumanzere litagwa, diso lake likukana kutsinzina. Ndinayesa kumwetulira kuti mwana asaope, koma m'pamene nkhope inaipiratu. Kuntchito anandiuza kuti ndikapume kaye. Nkhani inafala m'mudzi tsiku lomwelo, ndipo inandipeza kudzera mwa mwana yemweyo. Ankati pakamwa pokana moni papindika, Chiuta sagona.

Abale anga, masiku amene anatsatira sindifuna ngakhale mdani wanga adzawaone. Thupi linkatentha, mutu unkalemera, kuwala kwa dzuwa kunkandilasa m'maso. Ndinadziwa mumtima mwanga kuti ndikupita. Imfa yeniyeniyo sinkandiopsa kwambiri, chifukwa ululu unali utanditopetsa. Chimene chinkandidya chinali Tadala. Ndinayamba kumuphunzitsa kuyatsa mbaula ndi kuphika phala, ine ndili chigonere pamphasa. Ndinamuloweza dzina la mudzi wathu ku Balaka ndi mfunda wathu, kuti wina akadzamufunsa adzathe kuyankha. Mwana wa sitandade 2 ankabwereza mawu amenewo ngati ndakatulo ya kusukulu, osadziwa chimene amayi ake akukonza. Ndinkatembenukira kukhoma kuti asaone misozi.

Kupemphera kwa mawu ambiri kunandikanika. Ndinasiya kupempha machiritso, chifukwa ndinaona ngati ndachedwa nawo. Ndinkangoti, “Ambuye, nditumizireni munthu mmodzi yekha. Ngati si wa ine, akhale wa mwanayu.” Masiku ankadutsa, pakhomo osamveka ngakhale odi. Ndinafika pomufunsa Mulungu ngati nayenso wamva zoti ndine wamatama.

Munthuyo anabwera Lamlungu lina masana, anthu atatuluka m'tchalitchi, ndipo sanabwere ndi chifundo. Anali Anyalongwe, mayi wamasiye wachikulire, mtsogoleri wa bungwe la amayi mumpingo wathu. Nyumba yawo ili m'mbali mwa njira yanga ija, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti dzina la Anyayunifomu anayambitsa ndi iwowo. Ndi mayi wosaluma mawu, woti akakudzudzula umamva ngati wakusambitsa ndi mchenga. Anabwera kudzandiuza kuti ndilape, ndikapepese kwa anthu, mwina pakamwa panga pangawongoke.

Anandipeza nditakhala pakhonde, nditatsamira khoma. Ndinawaona akubwera, tinapatsana moni, ndipo anakhala pampando kumanzere kwanga. Ine ndinatseka maso chifukwa cha kuwala. Iwo anayamba ulaliki wawo. Akuti analankhula nthawi yaitali, anatchula m'mawa uliwonse umene anandifuulira moni ali pa chinangwa chawo ine n'kungodutsa. Zonsezo ine ndinkangomva kung'ung'udza kwapatali, ndipo ndinkaganiza kuti akupemphera chamumtima. Anandifunsa funso, ine chete. Anafunsanso, ine chete. Mtima unawapsa, anandigwira paphewa n'kundigwedeza mwamphamvu, ndipo duku langa linamasuka n'kugwa.

Nditatsegula maso ndinapeza akuyang'ana kuseri kwa khutu langa, pakamwa pali yasa. Anasendera pafupi n'kununkhiza, chinthu chimene munthu wina aliyense ankachithawa. Kenako anaimirira, anazungulira, anadzakhala kumanja kwanga. Ndi mawu apansipansi anati, “Timuwoneni.”

“Yewu, ama,” ndinayankha.

Anabwereranso kumanzere. Ndinaona milomo yawo ikuyenda, koma sindinamve kanthu. Anabwera kumanja kachiwiri n'kundifunsa.

“Mwana wangu, popita ku ntchito nyumba yanga imakhala mbali iti?”

Ndinaganiza pang'ono, ndinaloza kumanzere.

“Nanga pobwera?”

Ndinaloza kumanja. Tonse awiri tinazindikira nthawi imodzi. Yunifomu inalibe mlandu. M'mawa moni wawo unkagwera m'khutu lakufa, khutu lamoyo likumvera mafunde. Pobwerera nyumba zinkakhala kumanja, ndipo ndinkayankha aliyense. Mudzi wonse unandiweruza chifukwa cha mbali ya njira, ndipo inenso ndinawada anthu amene ankandipatsa moni tsiku ndi tsiku.

Anyalongwe anakhala pansi padothi, ndi zovala zawo zoyera za kutchalitchi, n'kuyamba kulira. Ndinkaganiza kuti akulirira zimene anandinenera, koma zinali zoposa pamenepo. Anandiuza za amuna awo, amene anali msodzi wodziwa kumira pansi pa madzi kukakola ukonde ukakodwa m'miyala. Khutu lawo linkatuluka mafinya zaka zambiri, ndipo aliyense ankati ndi mmene amakhalira makutu a anthu omira. Kenako kunatupa kuseri ngati kwangaku. Anawatemera mphini, anawathira mankhwala a masamba, anadikira kuti chiphulike chokha. Pamene ankaganiza za chipatala n'kuti khosi litauma, bambowo akubwebweta osazindikira ana awo. Anamwalira ali m'njira.

“Fungo ili ndikulidziwa, ndinagona nalo m'nyumba,” anatero. “Khosi likupindika?”

Ndinayesa kugunditsa chibwano pachifuwa. Linapindika, koma movutikira.

“Dzukani. Lero lomwe.”

Ndinawauza kuti ndilibe wondiperekeza ndiponso ndilibe womusiyira mwana. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati, “Nanga ine ndine chitsa?” Anatuluka kupita kumsewu akufuula m'Chitonga, ndipo posakhalitsa pakhomo panga, pamene panali patamera udzu, panadzaza amayi. Ena ankalephera kundiyang'ana m'maso. Wina anandisambitsa, wina analongedza zovala, wina anathamangira galimoto. Tadala anatengedwa ndi mpongozi wa Anyalongwe. Pokwera galimoto ndinamuyang'ana mwanayo ataima pakati pa anthu achilendo, atagwira kajumbo ka zovala zake, ndipo mumtima ndinatsanzikana naye.

Za ulendowo ndikukumbuka zochepa. Kuchipatala cha boma anandibaya majakisoni n'kunditumiza ku Mzuzu, ndipo kumeneko atandijambula mutu ananditumizanso kutali kummwera, kumene kuli madokotala a makutu. Monsemo Anyalongwe anali nane. Mayi amene anali asanapitepo kummwera chibadwire ankagona pansi pafupi ndi bedi langa, ankandiphikira kukhitchini ya odikirira odwala, ankakangana ndi aliyense m'Chichewa chawo chokhotakhota mpaka anamwino anawazolowera. Ankandidzudzulabe, kuti ndimadya ngati mbalame, kuti anthu a ku Balaka ndife amanyazi opusa. Koma ankandipukuta diso losatsinzinalo ndi kansalu konyowa mosamala ngati la khanda.

Dokotala anatifotokozera bwino. Anati fupa la kuseri kwa khutu lili ndi timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi. Chifukwa cha kudwala kwa zaka zambiri, m'khutu mwanga munamera chotupa cha khungu chimene chinkakula mwakachetechete n'kumadya fupalo. Si khansa, anatero, koma chimawononga chilichonse chimene chakumana nacho. Chinadya timafupa tomvera, chinapanikiza mtsempha woyendetsa nkhope, ndipo mafinya anali atadzaza timabowo tonse. Pakati pa mafinyawo ndi ubongo panatsala kafupa kopyapyala kwambiri, ndipo kanali katayamba kale kudyeka. Anati achita opaleshoni, koma sakulonjeza za kumva, sakulonjezanso za nkhope. Ndinafunsa ngati akulonjeza za moyo. Anati ayesetsa.

M'mawa wa opaleshoni anandimeta mbali imodzi ya mutu. Ndinagwira dzanja la Anyalongwe ndikufuna kuwauza za Tadala, koma mawu anakana kutuluka. Iwo anatseka maso n'kupemphera m'Chitonga. Sindinamve zambiri, koma dzina la mwana wanga ndinalimva likubwerabwera.

Anang'amba kuseri kwa khutu, anaboola fupa ndi kamakina, anakokolola zonse zowola pamodzi ndi chotupacho. Nditatsitsimuka mutu unali wokulungidwa ndi mabandeji, ndikusanza, chipinda chikuzungulira. Koma ululu uja woboola pakati pamutu unali utachoka. Ndinagona tulo teniteni koyamba patapita miyezi.

Musaganize kuti ndinadzuka n'kuyamba kuvina. Ndinakhala m'chipatala nthawi yaitali, ndikuphunziranso kuyenda osadzandira. Khutu lakumanzere linatsekeka mpaka kalekale. Diso linayamba kutsinzina pang'onopang'ono, koma pakamwa sipanabwerere penipeni, ndipo ndikaseka anthu osandidziwa amayang'ana kumbali. Ntchito yopereka chakudya kwa alendo sindinaibwererenso, ndili kochapa zovala mpaka lero. M'nyanja sindisambamo, madzi saloledwa kulowa m'khutumo, ndipo ndimapitabe kuchipatala kukalitsukitsa chifukwa akuti chotupa chotere chimatha kumeranso. Masiku ena ndimadziyang'ana pagalasi n'kulira, ndikuganiza kuti chikhala kuti wina anandiuza ndili mtsikana kuti mphenga imapha, bwenzi nkhope yanga ilipo.

Tsiku lobwerera tinatsika minibasi pamsewu waukulu n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kumudzi. Njirayo imadutsa pafupi ndi manda. Anyalongwe anaima, anatula katundu, anayang'ana kumitengo kumene kunagona amuna awo. Analankhula kwa malemuwo m'Chichewa, ndikuganiza kuti ankafuna kuti nanenso ndimve.

“Ada, uyu ndamufikitsa.”

Anasenzanso katundu, ndipo tinapitiriza ulendo.

Tadala tinamupeza pakhomo pa Anyalongwe akusenda chinangwa ndi ana anzake, akulongolola Chitonga ngati wobadwira konkuno. Atandiona anaima kaye, akuyang'ana mutu wometedwa ndi nkhope yanga. Kenako anataya mpeni n'kuthamanga, ndipo anandikumbatira mwamphamvu moti tonse tikadagwa. Ndinakhala pansi pomwepo, mwana ali pamiyendo, ndikulira mosadzigwira. Nditapezako mpweya ndinawauza Anyalongwe zimene zinandikanika kuchipatala zija, kuti mantha anga onse anali oti ndikafa mwanayu alowera kuti.

Anandiyang'ana mokwiya, monga mwa nthawi zonse. “Alowera kuti? Tsiku limene tinakwera galimoto lija ndinawauza ana anga kuti kamtsikana aka ndi kathu, mayi ake abwere kapena asabwere. Mumayesa ndinkadikira kuti mundipemphe?”

Ndinapempha Mulungu munthu mmodzi, wa ine kapena wa mwana, chifukwa chikhulupiriro changa chinkathera pomwepo. Iye anandipatsa wa tonse awiri, ndipo anamutenga pakati pa anthu amene ankandinena. Ndikuthokoza Ambuye amene anamva pemphero la munthu wokhota pakamwa. Ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene manja awo anagwira ntchito yovuta ija, ndi amayi a mpingo wathu amene anabwera mochedwa koma anabwera ndithu.

Inu amene khutu lanu kapena la mwana wanu likutuluka mafinya, musalizolowere ngati ine. Mukaona kuseri kwa khutu kwatupa, musadikire kuti kuphulike, thamangani kuchipatala. Ndipo inu amene mwagona m'nyumba muli nokha, mukuona ngati kumwamba kwatsekeka, musaleke kupemphera ngakhale mawu atatsala awiri okha. Ine ndinali nditatsanzikana naye kale mwana wanga. Lero m'mawa ndamuluka tsitsi ndi manja angawa, akudandaula kuti ndikumukoka, ndipo ndamuperekeza mpaka pamsewu popita kusukulu. Ambuye alemekezeke.